Zithunzi za M'chigafa

Rozi adafika kusukulu Lachinayi maso ali psuu, ndipo mpaka nthawi yopuma sadayankhule ndi munthu. Rashida, mnzake wokhala naye desiki imodzi mu Fomu 2, adamukokera kuseri kwa kalasi.

"Iwe, watani? Amayi ako aja ali bwanji?"

"Awatulutsa m'chipatala dzulo," adatero Rozi. "Osati kuti achira ayi. Akuti tizikawasamalira kunyumba." Adapukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu. "Akufuna chithunzi, Rashida. Kwathu kulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Akuti Mwai akadzakula asadzavutike kufunsa anthu kuti mayi ake ankaoneka bwanji."

Mwai adali mng'ono wake wa Rozi, kamtsikana ka zaka ziwiri. Masiku amenewo mafoni ojambula adali asadafike kumidzi ya ku Dambe, ndipo wojambula woyenda panjinga ankadutsako pa Khirisimasi pokha. Uwu udali mwezi wa Okutobala. Kwa munthu wodwala chotere, Khirisimasi idali kutali.

"Zomwezo basi?" adatero Rashida akudziguguda pachifuwa. "Ababa ali ndi kamera yeniyeni, osati zoseweretsa. Loweruka ndibwera. Siya kulira, ukuipitsa nkhope."

Tinene zoona, Rashida adali mwana wa mtima wabwino. Vuto lake lidali limodzi lokha: pakamwa pankathamanga, makutu n'kutsalira m'mbuyo.

Bambo ake, a Nurdin, adali ndi golosale pa Kamwendo, koma ali mnyamata ankajambula maukwati mpaka ku Mlonyeni. Lachisanu atabwera kumzikiti, Rashida adawafotokozera nkhani yonse. Iwo adapukusa mutu mwachisoni.

"Ndikadapita ndekha," adatero, "koma mawa m'mamawa ndikupita ku Chipata kukatenga zitenje, ndibwera Lachitatu. Mayi amenewo si owadikiritsa. Bwera kuno, ndikuonetse."

Adatsitsa chikwama chachikopa kuseri kwa makatoni a sopo, natulutsa kamera yakuda, yolemera ngati njerwa. Adaikamo okha filimu ya zithunzi 24. Kutsogolo kwa kamerayo kudali lenzi yaifupi, ndipo m'chikwama mudatsala ina yaitali. Pamwamba padali kagudumu ka manambala, ndipo a Nurdin adakapotoza mpaka pa chilembo A.

"Ukaika pa A apa, kamera imayeza yokha kuwala," adatero. "Koma tamvetsetsa. Imayeza kuwala kwa malo onse amene ikuwaona, siidziwa kuti iwe ukufuna nkhope ya ndani. Munthu akakhala pamthunzi, kumbuyo kwake kuli ngwee, kamera imatsinzina chifukwa cha kuwala kwa kumbuyoko, nkhope n'kutuluka bii. Ndiye uzimutembenuza munthuyo kuti kuwala kumugwere kumaso. Ngati sangasunthe, uchotse lenzi yaifupiyi, uike yaitali, nkhope yokhayo idzaze mkati monse. Pochotsa umayamba wakanikiza kabatani aka, kenaka..."

"Ndamva, ababa, ndamva. Ndimakuonanitu mukamachita."

Kumva kuti? Diso lake lidali kale pakabowo koyang'anira, akulondola minibasi imene inkatsitsa anthu kunja. Mumtima ankadziona akutsika pakabaza ku Dambe, kamera ili lende m'khosi, mudzi wonse ukumuyang'ana.

"Kuthamanga si kufika, mayi iwe. Tachotsa lenziyo ndione."

Nthawi yomweyo mayi wina adagogoda pakauntala kufuna palafini.

"Ababa, kasitomala akudikiratu," adatero Rashida mokondwa. A Nurdin adapita kukathira palafini, kenaka kudabwera wa shuga, kenaka wa mchere, ndipo nkhani ya lenzi idathera pomwepo.

Loweruka Rashida adafika ku Dambe dzuwa lili paliwombo. Zidachitika monga adalotera. Amayi oyandikana nawo adasiya mitondo, ana adamuzungulira, aliyense akufuna kukhudzako kamera. Koma atalowa m'nyumba chimwemwe chidamuthera. Mai Anasi, mayi ake a Rozi, adali ataonda mpaka Rashida adatsala pang'ono kusawazindikira. Komabe adali atadzikonza. Adavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi ndi chitenje chatsopano, adamanga duku bwinobwino, ndipo kumaso adadzola mafuta mpaka masaya kunyezimira.

"Wabwera, mwanangu? Mulungu akudalitse," adatero ndi mawu otsika. "Undijambule bwino, ndioneke ngati munthu."

A Wilson, amuna awo, adawanyamula kupita nawo panja. Dzuwa litangowamenya, mayiwo adayamba chizungulire, choncho adakawakhazika pampando m'chigafa chowumitsiramo fodya, chimene nyengo imeneyo chidali chopanda kanthu. Chigafacho chidali ndi denga laudzu lotsika, m'mbali mopanda makoma. Mkati mudali mthunzi wozizira bwino. Kumbuyo kwa mpandowo kudali munda wososedwa kale, uli mbee ndi dzuwa la Okutobala, loti ukayang'ana maso amawawa.

Rozi adaima pambali pa mayi ake, Mwai adamukhazika pamiyendo pawo. Rashida adakweza kamera. Pamenepo kanthu kena kadamugunda mumtima. Pamthunzi, kumbuyo kuli ngwee. Kodi ababa aja anati chiyani? Adakumbukira za lenzi yaitali. Adagwira yaifupi ija n'kuyesa kuipotoza. Idakana. Adayesanso mwamphamvu, koma idangoti gwa, poti za kabatani zija zidalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Anthu onse adali duu kumuyang'ana. Rashida adatenga nsonga ya mpango wake n'kuyamba kupukuta lenziyo, ngati kuti ndi zimene ankafuna kuchita.

"Rashida, muno simukuda?" adafunsa Rozi.

"Mwanangu," adatero mai Anasi, "ngati pakufunika kuti nditembenuke kapena ndituluke padzuwa, nena. Ndipirira, ndi kanthawi kochepa."

Apa ndiye padali pofunika mawu awiri okha: tembenukani, amayi. Koma kunena choncho kudali kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti wawakhazika molakwika, kuti odwala anyamulidwenso chifukwa cha iye.

"Ayi amayi, khalani momwemo," adatero mokweza. "Kamera iyi ndi ya otomatiki. Imadziwa yokha zochita."

"Eee, ana a masiku ano!" adatero mayi wina akuomba m'manja. "Mutu wake ngwakuthwa ameneyu."

Rashida adakula mtima. Adayang'ana pakabowo, ndipo diso lake lidaona zonse bwinobwino: mai Anasi akumwetulira, kampata ka pakati pa mano awo kakuonekera, dzanja lawo lili pamutu pa Mwai. Adadina kasanu ndi kamodzi, onse pamalo omwewo. Atatha, mayiwo adapuma mozama ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Basi, tsopano mtima wanga wakhala pansi," adatero.

Filimu yotsalayo Rashida adaimalizira pa mbuzi za a Wilson, pa anzake a kusukulu ndi pa amayi ogulitsa tomato tsiku la msika.

Lachitatu a Nurdin adabwera kuchokera ku Chipata. Asadamasule ndi katundu yemwe, adafunsa, "Unawajambula mayi aja? Kuwala kunali bwanji? Unawakhazika pati?"

Rashida akadatha kunena za chigafa, za munda wowala uja, za lenzi imene idakana kuchoka. Koma adaganiza kuti mwina kamera idakonza yokha, nanga si ya otomatiki?

"Zonse zinayenda bwino, ababa. Kunalibe vuto."

"Chabwino. Sabata yamawa ndikupita ku Lilongwe, ndikatsukitsa."

Lamulungu lotsatira, mai Anasi adamwalira. Rashida adapita kumaliro pamodzi ndi anzake a m'kalasi. Pobwera kumanda Rozi adamugwira dzanja mwamphamvu, mawu atasasa ndi kulira.

"Bola unabwera tsiku lija, mnzanga," adatero. "Ukanapanda iwe, bwenzi titatsala opanda kalikonse."

Patapita masiku anayi, Rashida pochokera kusukulu adapeza bambo ake atakhala pabenchi kuseri kwa golosale, envulopu ili pamiyendo. Sadamulonjere monga ankachitira masiku onse. Adangomupatsira.

Zithunzi za pamwamba zidali zokongola zedi. Mbuzi za a Wilson zidatuluka mpaka ndevu kuwerengeka. Tomato wa pamsika adali psuu ngati ungamutole. Anzake a kusukulu adali akuseka, mano onse poyera. Kenaka adafika pa zisanu ndi chimodzi zija. Kalanga ine! Munda wa kumbuyo udaoneka bwino lomwe, mizere yake yonse, ngakhale mtengo wa mango wa kutsidya. Koma kutsogolo kudali mithunzi itatu yakuda bii. Ukadatha kuona kuti uyu waima, uyu wakhala ndipo wamanga duku, uyu ndi mwana. Bulauzi yoyera ija idangooneka motuwa. Nkhope padalibe.

"Sangatsukenso?" Mawu a Rashida adatuluka ang'onoang'ono.

"Ndinawapempha, ayesa kawiri." A Nurdin adatulutsa filimu yotsukidwayo n'kuikweza kumwamba kuti kuwala kudutsemo. "Taona apa pamene payenera kukhala nkhope. Pali mbee, palibe chinalembeka. Chimene sichinalowe mufilimu, palibe katswiri angachitulutse."

Rashida adakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Inenso ndinalakwa," adapitiriza a Nurdin. "Sindikanakupatsa kamera usanachotse lenzi ija pamaso panga. Zimenezo ndi zanga. Koma Lachitatu lija ndinakufunsa, Rashida. Ukanandiuza, Lachinayi m'mawa ndikanakwera njinga ndi filimu ina. Mayi aja anali akadali moyo."

Sadakalipe, sadakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zidamupweteka kwambiri. Akadamukwapula bwenzi zili bwino. Adalira mpaka mpango wake udanyowa, koma misozi siitsuka chithunzi.

Loweruka adakweranso kabaza wa ku Dambe, ulendo uno wopanda kamera m'khosi. Njira yonse ankakonza bodza. Anene kuti otsuka zithunzi ku Lilongwe adaononga. Ndani akadatsutsa? Ku Dambe kudalibe munthu wodziwa za filimu, ndipo bambo ake sakadapita kukamuulula. Pofika pamudzi, bodzalo lidali litapsa, longoyembekeza kupakula.

Rozi adali pakhonde akusenda chinangwa, Mwai akusewera ndi makoko ake. Ataona envulopu adataya mpeni, napukuta manja pachitenje kawiri konse kuti asadetse zithunzi.

"Zabwera? Mwai, bwera udzaone amayi!"

Adatulutsa choyamba. Adachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipendeketsa kudzuwa ngati kuti nkhope yabisala penapake. Adatenga chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza. Mwai adakwera pamiyendo pake, n'kuika kachala pa mthunzi wa pakati.

"Ndani uyu?" kadafunsa kamwanako.

Bodza lija lidafera pakhosi pa Rashida.

"Rozi, si otsuka ayi. Si kameranso ayi. Ndine." Rashida sadalekere pomwepo. "Ababa anandiuza kuti ndisajambule munthu pamthunzi kumbuyo kukuwala. Sindinamvetsere. Lenzi ija inandikanika kuchotsa, ndinachita manyazi kunena. Iwe unandifunsa, amayi anandifunsa, ine ndinanama kuti ndikudziwa. Ababa atabwera ndinawanamizanso, pamene nthawi yojambulanso inalipo. Ndikhululukire, mnzanga. Kapena usandikhululukire, ndi momwemo."

Rozi adayang'ananso chithunzi chija. Misozi idatsika mwakachetechete, iye n'kusuntha chithunzi kuti isagwerepo.

"Anadzola mafuta tsiku lija," adatero pomaliza. "Anandituma kukabwereka kwa anzathu, akuti nkhope iwale. Unawamva okha akuti apirira padzuwa, Rashida. Unawamva."

"Ndinawamva."

Nkhuku idabwera kudzajompha chinangwa m'beseni, ndipo padalibe woiingitsa. Mwai adali akadaloza pomwe paja, akuyang'ana mkulu wake kuti amuyankhe.

"Uli ndi cholembera?" adafunsa Rozi.

Rashida adapisa m'thumba n'kumupatsa. Rozi adasankha chithunzi chimene duku lidaoneka bwinoko, adachitembenuza n'kuchitsamiritsa pabondo. Adalemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zikuluzikulu zoti mwana woyamba kumene sukulu adzathe kuwerenga: WA PAKATIYO NDI AMAYI. ANKAMWETULIRA.