Bwato la Tsiku la Mayeso

Jhorna anafika padoko akupuma mwawefuwefu. Mayeso a Chingerezi ankayamba teni koloko kutsidya kwa mtsinje, ndipo chipata cha sukulu akachitseka sachitsegulanso, ngakhale ugwade. Bwato la injini linali litawonongeka. Kunatsala kabwato kopalasa ka a Mofiz, nkhalamba yowonda imene inawolotsa makolo a ana asukulu onse amene anali padokopo akadali makanda.

Pamtengo wa padokopo panali chikwangwani choletsa "overcrowding". Jhorna, katswiri wa Chingerezi m'kalasi, ndiye ankamasulira anzake mawuwa monyada: kuunjikana anthu pamalo ochepa mpaka kuika moyo pachiswe. Koma m'mawa umenewu chikwangwanicho sanachiyang'ane n'komwe.

"Khumi ndi awiri basi," anatero a Mofiz. "Enanu ndidzakutengani ulendo wachiwiri."

"Amalume, ulendo wachiwiriwo ndiye chaka chamawatu!" anakuwa Jhorna. "Kapena mikono yatha ndi ukalamba? Nenani, tipalase tokha."

Ana anafa nacho chiseko. A Mofiz anachita manyazi, nayang'ana kumbali, ndipo ana analumphiramo onse makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Rupali yekha, msuweni wa Jhorna, anaima chilili. Iye anakulira mumzinda wa Dhaka ndipo kusambira sankakudziwa.

"Msuweni, ine ndidikira," anatero motsitsa mawu.

"Iwe, mantha akowo ukawalembe papepala? Tiye!" Jhorna anamukoka dzanja n'kumukweza.

Mwana aliyense wa kumtsinje kuno amadziwa kuti m'bwato lodzaza umanjuta pansi, osasuntha. Koma pansipo panali madzi amatope, ndipo onse anali atavala yunifolomu yoyera yosita bwino. Ndani akanalola kulowa m'mayeso ndi thope kumbuyo? Anaimirira.

"Khalani pansi, ana anga, chonde!" anachonderera a Mofiz. Palibe anamvera.

Atatsala pang'ono kufika kutsidya, chombo chonyamula mchenga chinadutsa, n'kusiya funde lalikulu. Ana a mbali imene madzi ankachokera anakweza m'mwamba ziphaso zawo zolowera m'mayeso, nathawira mbali inayo onse nthawi imodzi. Bwato linapendekeka, kenako linagubuduka.

Jhorna anasambira chiphaso chake chili kukamwa, m'kathumba ka pulasitiki. Anafika kumtunda chili chouma. Asodzi anavuula ena, ena anatuluka okha akusanza madzi. Rupali sanaoneke. A Mofiz anamira kamodzi, kawiri, kachisanu, mpaka anatuluka naye atamunyamula m'manja. Amayi ogulitsa masamba anamupsinja pachifuwa, anamuuzira mpweya, anamutchula dzina. Kenako mmodzi anavula mpango wake n'kumufunditsa kumaso.

Pamenepo anthu anatembenukira nkhalamba ija.

"Dyera! Wapha mwana chifukwa cha dyera!"

Wina anatola nkhafi n'kuwamenya nayo pamsana. A Mofiz anagwa m'matope, osadziteteza.

Belu la sukulu linalira. "Jhorna, tiye, akutseka chipata!" anatero mnzake wina akumukoka malaya. Jhorna anayenda mapazi atatu. Palibe amene akanamuulula, chifukwa onse anaseka nawo padoko paja. Anamva nkhafi ikugwanso pathupi la nkhalamba, ndipo mtima unamuwawa koopsa. Anabwerera, nakagwada pakati pa a Mofiz ndi anthuwo.

"Asiyeni! Anakana awa. Ndine ndinawanyoza mpaka analola. Rupali ankafuna kudikira, ndinamukoka ndine."

Wa nkhafi uja anatsitsa mkono pang'onopang'ono. Kumtunda chipata chinatsekedwa, koma Jhorna sanacheuke.

Kutsidya kumene anachokera, mbiri inali itafika kale. Azakhali ake, amake Rupali, anali atalowa m'madzi mpaka m'mawondo, akuitana ana awiriwo mosinthanitsa. Jhorna ankamva dzina lake bwinobwino, koma sanavomere. Akanavomera, azakhali akanamva mawu a mwana mmodzi yekha.