Mkono wa Tryness Sufika pa Khutu

Tryness ankakhala ku Kabwata, mu Lusaka.
Anali wamfupi. Anali wonenepa. Mikono yake inalinso yaifupi.
Tryness ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuyamba sukulu.

Masiku amenewo, zaka za pakamwa sizinkamveka kusukulu. Mwana ankadutsitsa mkono pamwamba pa mutu. Akagwira khutu la mbali inayo, ndiye kuti wakula. Akalephera, azibwerera kwawo.

Chaka chatha Tryness analephera. Anzake onse analowa Giredi Wani. Iye anatsala pakhomo, iye ndi nkhuku basi.

Ndiye anayamba kutalikitsa mkono.
Ankalendewera pa nthambi ya mango. Mkono sunatalike.
"Koka, Jonas," anauza mlongo wake. Jonas anakoka. Mkono unapweteka, koma sunatalike.
Anakoka khutu kuti likwere. Khutu linangotupa.
"Mwina vuto ndi masayawa," anatero Tryness. Anayamba kusiya mbatata m'mbale.
Masaya sanapite kulikonse.

Tryness anatopa. Anatopa ndi nthambi. Anatopa ndi njala. Anadana nawo mkono wake.

Tsiku lolembetsa linafika.
Amayi ake nawonso anali otopa. Dzana anaima pa mzere wa shuga. Dzulo anaima pa mzere wa sopo. Lero mzere wa sukulu.
"Tiye, mwanawe," anatero amayi. "Miyendo yanga yazolowera."

Mzere unali wautali. Dzuwa linaswa mtengo. Mzere unkayenda ngati nkhono.
Tryness anaima. Anakhala pansi. Anaimanso.

Pansi pa mtengo panali tebulo. Pa tebulopo panali mphunzitsi, ba Kampamba. Nawonso thukuta linali kamukamu.
"Gwila khutu," ankatero. "Lowa. Gwila khutu. Lowa."

Kenako inafika nthawi ya Tryness.
"Bwela, kamwana. Gwila khutu."
Tryness anakweza mkono. Anaudutsitsa pamutu. Anatambasula zala. Anapendeketsa khosi. Anaima ndi zala za kumapazi, ngati zimenezo zithandiza.
Zala zinathera m'tsitsi. Khutu linali patali.

"Mubwele naye chaka cha mawa, mayo," ba Kampamba anauza amayi.
"Ba Ticha, mwanayu ndi wamkulu," anatero amayi. "Thupi lake ndi lotero."
"Onse akamba choncho, mayo."

Tryness anafuna kulira. Koma analibe mphamvu zolirira.
Anangoyasamula. Anayasamula kukamwa konse, osatseka ndi dzanja.

Ba Kampamba nawo anayasamula. Kuyasamula sikuona nkhope.
Kenako anamuyang'anitsitsa Tryness.
"Tsegulanso pakamwa."
Tryness anatsegula.
Kutsogolo kunali mano anayi aakulu, atsopano. M'mbali munali mipata.

"Mano aang'ono anaguluka liti?" anafunsa ba Kampamba.
"Kalekale," anayankha Tryness. "Jonas mano ake sanayambe n'kugwedera komwe."
"Jonas ndani?"
"Mlongo wanga wamng'ono. Iye khutu amaligwira."

Ba Kampamba anakanda mutu.
Tryness anatsitsa mkono wake. Anauyang'ana.
"Mkono wanga ndi waufupi, ba Ticha," anatero. "Ndaukoka, sukutalika. Koma ine ndakula. Ndatopa kukhala ndi nkhuku."

Ba Kampamba anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.
"Chabwino. Khutu lisiye. Pa Mande ubwele ku kilasi yanga."
Amayi anawomba m'manja, nagwada pang'ono. "Zikomo, ba Ticha."

Anabwerera kwawo pang'onopang'ono. Njira inali yomweyo, dzuwa lomwelo. Koma mtima wa Tryness unali mbee.

Kunyumba amayi anatulutsa nsalu ya yunifolomu. Anaiyala pa mphasa. Jonas anagwira mbali imodzi. Tryness anagwira inayo.
"Tisoke yaikulu," anatero amayi. "Yaitali, ya mikono yaitali. Udzakuliramo."
Tryness anapukusa mutu.
"Ayi, amayi. Musasokere mwana wina. Musoke yondikwana ine."

Amayi anamuyang'ana. Anamuyang'ana nthawi yaitali.
"Bwera pano," anatero.
Anamuyeza m'mapewa. Anamuyeza pamimba. Anamuyeza mkono, kuyambira paphewa mpaka padzanja.
Pomwe mkono unathera, amayi anadula pomwepo.