Pansi pa Ukonde wa Magetsi

M'chaka cha 2068, anthu a m'chigwa cha Shire anali ataiwala kuti magetsi amathima. Kumwamba kwenikweni, kumene mitambo siifika, kunkayandama chombo cha magalasi chotalika makilomita atatu. Chombocho chinkakolola kuwala kwa dzuwa n'kukusandutsa mafunde osaoneka otchedwa mayikulowevu, ofanana ndi amene amatenthetsa chakudya m'kabokosi ka kukhitchini, kenako n'kuwaponya pansi. M'dambo lina kumwera kwa Chikwawa, kampani ya Dzuwa Losalowa inayala mawaya olukanalukana pamwamba pa mapolo ataliatali, oti aziwakha mafundewo ndi kuwasandutsa magetsi. Malowo anthu ankangowatchula kuti Ukonde.

Pansi pa Ukonde panali kamthunzi kabwino, moti amayi ankalimapo nyemba ndi mpiru ngakhale mu Okutobala. Akatswiri anali atanena kuti mafunde opulumuka pa mawayawo ndi ochepa zedi, sangapweteke ndi nkhuku yomwe.

Zuze Khembo anagwira ntchito yokonza mawayawo zaka zisanu ndi chimodzi. Mkazi wake Esinala anali namwino pa chipatala chaching'ono cha kampaniyo. Anali ndi mwana mmodzi wa miyezi isanu, Tilimbe, ndipo dzinali analisankha ndi Zuze yemwe.

Zinayamba ndi tinthu tosekeka. Zuze ankasiya sipanala pamwamba pa polo, kapena kupempha tiyi kapu ili m'manja. Lamulungu lina masana, Esinala anamuitana pakhonde.

"Bambo a Tilimbe, tandigwirireni mwanayu ndiyanike zovala."

Zuze analandira khandalo n'kumaliseweretsa pamiyendo. Kenako anakweza maso akumwetulira.

"Koma ndi wokongola bwanji! Ndi wa ndani ameneyu?"

Esinala anaseka, koma atayang'ana nkhope ya mwamuna wake anaona kuti akudikira yankho. Beseni linamupulumuka m'manja.

M'mawa mwake anamutengera kuchipatala n'kumuveka chisoti chounikira ubongo. Zithunzi zake anazitumiza kwa Dokotala Namate, katswiri wa ku Blantyre, amene anayankha pa kanema wa pakhoma.

"Mayi Khembo, m'kati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamalandira zinthu zatsopano n'kuzisunga. Ka amuna anu kafota. Zakale azikumbukira bwinobwino, koma zatsopano zizingodutsa ngati madzi m'dengu."

"Chafotetsa n'chiyani, adokotala?"

"Sindinganene motsimikiza. Mafunde aja anawayeza pa anthu kwa miyezi yochepa chabe. Za munthu wokhala pansi pake zaka zisanu ndi chimodzi, palibe anayezapo. Muli ndi ena otere kumeneko?"

Esinala anayamba kuyesa aliyense wobwera kuchipatala, ngakhale wobwerera chilonda. Ankamuuza mawu atatu: njinga, chidebe, mlatho. Pakatha mphindi zisanu ankamufunsa kuti awabwereze. Mwa anthu makumi asanu ndi limodzi ogwira ntchito pansi pa Ukonde, makumi anayi analephera. Ena ankakana n'komwe kuti anawauzapo kanthu.

Anatenga mapepalawo n'kupita kwa a Chimwaza, oyang'anira malowo. Iwo anawerenga mofatsa.

"Mayi, magetsi amenewa akupumitsa ana osakwana masiku m'zipatala makumi atatu. Mapampu onse othirira kuyambira kuno mpaka ku Nsanje akudalira ife. Ndikathimitsa lero, mawa ndikayankha chiyani?"

"Nanga amuna anga ndikawayankhe chiyani, bwana? Mwana wawo sakumudziwa."

A Chimwaza analonjeza kuti alembera akuluakulu. Patatha sabata Esinala anabwereranso. Anamulandira ndi nsangala, n'kumukokera mpando.

"Takulandirani, anesi. Simubwerabweratu kuno. Tikuthandizeni chiyani?"

Mapepala aja anali pomwepo patebulo, kapu ya madzi itakhala pamwamba pake. Esinala anawayang'anitsitsa a Chimwaza m'maso kufuna kuona bodza, koma sanalipeze.

Lachisanu masana anaitanitsa msonkhano pa bwalo la mpira. Anafika anthu opitirira mazana awiri. Atawafotokozera, bwalo linawira. Mayi Fatsileni, olima mpiru, anaimirira.

"Ine ndinasiya mdzukulu wanga kuchigayo tsiku lonse, ndikumati ndakalamba. Kani ndi mawaya awa? Atidyera m'mutu tili maso!"

Anagwirizana kuti Lolemba pasapezeke wolowa pansi pa Ukonde. Onse akumane pageti m'mawa, ndipo asachoke mpaka chombo chija atachitembenuza. Anthu anabalalika akuimba nyimbo zaukali, fumbi lili koboo.

Lolemba Esinala analawirira pageti, Tilimbe ali kumbuyo. Anapezapo anthu asanu ndi awiri, onse oti anayamba ntchito chaka chomwecho. Dzuwa litakwera, khamu linatulukira mumsewu. Esinala anayesa kuti akubwera kudzaima naye, koma ataonetsetsa, anthuwo anali atanyamula makasu ndi zitini zothirira. Ankadutsa pagetipo akucheza. Mayi Fatsileni anaima n'kugwira tsaya la mwana.

"Mwalawira bwanji, anesi! Kwagwanji pageti pano?"

"Amayi, msonkhano wa Lachisanu uja. Munalankhula ndinu."

"Ine? Ayi, mwandisokoneza ndi wina. Tapita, mpiru ukufota."

Esinala anabwerera kunyumba. Chipatala chake chinali m'mphepete mwa Ukonde, ndipo iye anali atagwirapo ntchito zaka zinayi. Atalowa m'nyumba anatenga botolo la mankhwala a chifuwa a mwana, koma anapeza supuni ili yonyowa kale. Kaya anamumwetsa m'mawa, kaya ayi, m'mutu mwake munalibe chilichonse.

Tsiku lomwelo analongedza zikwama ziwiri, n'kugwira Zuze padzanja mpaka pokwerera basi. Anakakhala kwa mchemwali wake ku Thyolo. Kumeneko kuiwala kwa Esinala kunalekera pomwepo, koma Zuze sanachire. M'mawa uliwonse ankavala ovololo yake n'kumafunafuna lamba wokwerera mapolo.

Esinala analemba makalata ambiri, ndipo patapita miyezi isanu ndi itatu kunapita gulu la ofufuza ku Ukonde. Anafunsa ogwira ntchito mmodzimmodzi ngati ali ndi dandaulo. Aliyense anaganiza kaye, kenako n'kupukusa mutu mwaulemu. Lipoti linatuluka loti malowo ndi amtendere kuposa ena onse m'dziko muno, ndipo chaka chotsatira anayamba kuzika mapolo a Ukonde wachiwiri, waukulu kawiri, pafupi ndi sukulu ya pulayimale.

Esinala anawerenga nkhaniyo atakhala pakhonde, ndipo anazindikira kuti munthu akalandidwa kukumbukira, amalandidwanso pakamwa pokanira.