Dzanja Losokeredwa Pamimba

Panali mtsikana wina wamng'ono. Onse ankamutchula Kamphepo. Mwana ameneyu, ha! Sankadziwa kukhala pansi.

Kamphepo anali ndi kamlongo. Kamlongoko kankaphunzira kuimirira. Kakagwira mpando, kankaima. Kakasiya mpando, kankagwa khu!

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kugwira kamlongo kake ndi manja onse awiri. Ankafuna kukaphunzitsa kuyenda.

Koma dzanja lake lamanja linali lofumbata. Kalekale anapsa ndi madzi a m'ketulo. Bala linapola, koma chipsera chinakoka zala. Zala zinapindika. Dzanja silinkatambasuka.

Tsiku lina amayi anapita naye kuchipatala. Adokotala anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Tichotsa chipserachi," anatero adokotala. "Zala ziwongoka. Koma m'chikhatho mutsala bala. Pafunika chigamba."

"Chigamba cha nsalu?" anafunsa Kamphepo.

"Ayi, mwanawe. Chigamba cha khungu. Mimba yako igawireko dzanja."

Kamphepo anayang'ana mimba yake. Anayang'ananso adokotala.

"Chigamba chimafuna magazi," anatero adokotala. "Ndiye sitichidula msanga. Mbali ina ikhala pamimba. Mbali ina ikhala padzanja. Dzanja lako tilisokera pamimba kwa masabata atatu."

Amayi anagwira pakamwa. "Masabata atatu, adokotala? Kamphepo yemweyu?"

Adokotala sanaseke. Anagwada pafupi ndi mwanayo.

"Usakoke dzanja," anatero. "Ukakoka, chigamba chikhoza kufa. Chikafa, dzanja lifumbatanso."

Opareshoni inachitika. Kamphepo anadzuka ali pabedi. Dzanja linali pamimba, gwa! Bandeji inali itazungulira thupi lonse. Panali kampata kakang'ono koonera chigamba.

M'mawa uliwonse anesi ankabwera. Ankakhudza chigamba ndi chala.

"Chikufunda," ankatero anesi. "Chili moyo. Usakoke, Kamphepo."

Phewa linkawawa. Kamphepo sanakoke.

Pamimba pankayabwa. Kamphepo sanakoke.

Ankamwa tiyi ndi dzanja lamanzere. Tiyi wambiri ankamwedwa ndi bulangete. Komabe sanakoke.

Tsiku lakhumi, nthawi yoona odwala inakwana. Abambo anabwera ndi kamlongo kaja. Anakaimika pafupi ndi bedi. Kanagwira chitsulo cha bedi. Kenaka kanasiya. Kanaponya phazi limodzi, dzandi! Kanayamba kugwa.

Kamphepo sanaganize n'komwe. Thupi linangodzuka lokha. Dzanja linakoka.

Mayo, ululu wake!

Amayi anawakha mwana. Abambo anaomba m'manja. "Waponya phazi! Mwaona? Waponya phazi!"

Onse maso anali pa kamwana. Palibe anaona zimene zinachitikira Kamphepo.

Kamphepo anafunda bulangete mpaka m'khosi. Patapita kanthawi, anakhudza chigamba. Chinali chozizira ngati supuni.

Anachita mantha kwambiri. Akanena, amukalipira. Akanena, amayi alira. Ndiye anangoti chete.

Belu linalira. Alendo anayamba kutuluka. Abambo ananyamula kamlongo. Pakhomo, kamwanako kanatembenuka. Kanatambasulira Kamphepo timanja tonse tiwiri.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kamphepo.

"Anesi," anaitana ndi mawu aang'ono. "Anesi, ndakoka."

Anesi anakhudza chigamba. Sananene kuti chikufunda. Anathamanga kukaitana adokotala.

Adokotala anamasula bandeji pang'onopang'ono. "Ulusi sunaduke," anatero. "Koma chigamba chapindika ngati paipi ya madzi. Magazi sakudutsa."

Anawongola mkono. Anaika pilo pansi pa chigongono. Anamanganso bandeji. Kenaka anatenga kasingano. Anabaya chigamba pang'ono.

Sipanatuluke kanthu.

"Chafa?" anafunsa Kamphepo.

"Tidikire," anatero adokotala.

Anadikira. Amayi anagwira phazi la Kamphepo.

Anadikirabe. Kamphepo sanagwedezeke. Ndi chala chomwe ayi. Mphepo inali itaima.

Adokotala anabayanso.

Kadontho kanatuluka. Kadontho ka magazi, kofiira psuu!

"Chili moyo," anatero adokotala.

Amayi analira. Anali asanakondwerepo ndi magazi a mwana wawo. Tsiku limenelo anakondwera.

"Pepani, adokotala," anatero Kamphepo.

"Wachita bwino kunena msanga," anayankha adokotala. "Ukanabisa mpaka mawa, tikanachedwa."

Masiku anapita. Anesi ankabwera. Ankakhudza chigamba.

"Chikufunda. Usakoke, Kamphepo."

Kamphepo sanakokenso.

Masabata atatu anakwana. Adokotala analekanitsa dzanja ndi mimba. Chigamba chinali chitagwira. Tsopano chinali cha dzanja.

Poyamba zala zinali zolimba ngati timitengo. Anesi anamupatsa kampira kofewa. Finya, tambasula. Finya, tambasula. Zinkawawa, koma Kamphepo sanasiye.

"Chikhatho chako chanenepa," abambo anamuseka. "N'chimodzimodzi mwini wake, mimba!"

Kamphepo anaseka mpaka kugwira pachipsera cha pamimba.

Ndiye tsiku lina, ali kunyumba, kamlongo kanagwira mpando. Kanaima. Kamphepo anagwada patsogolo pake. Anatambasula dzanja lamanzere. Anatambasula dzanja lamanja. Zala zonse zisanu zinatseguka.

Kamlongo kanasiya mpando. Kanagwira manja onse awiri.

Phazi limodzi. Phazi lina. Phazi linanso.

Kenaka timiyendo tinafooka. Kamwana kanayamba kukhala pansi. Kanalendewera pa dzanja la chigamba lija.

Kamphepo anauma thupi. Anayang'ana amayi.

"Amayi, ndikoke?"

Amayi anapukuta misozi.

"Koka, mwanangu," anatero. "Tsopano koka!"

Kamphepo anakoka. Kamlongo kanaimanso.