Fomu Yosowa ku Mile 72

Mtembo wa Gariseb unapezeka Lachiwiri, 7:20 m'mawa, pagombe la Mile 72, kumpoto kwa Henties Bay. Chifunga chinali chisanachoke. Anamumenya kunkhongo ndi chitsulo. Kathabwa kake kopanira mapepala kanali pamchenga, kopanda fomu.

Inisipekitala Hengari ankamudziwa malemuyu. Ntchito ya Gariseb inali kuyenda m'gombe kuwerenga ndodo za owedza, kufunsa maola amene akhalapo, ndi kuyeza nsomba zawo. Owedza a kuno, anthu oti nsomba imodzi imasanduka khumi ku bawa koma ziro kwa boma, sankafuna n'kumuona komwe. Onse amene anali pagombepo anati sanaone kanthu.

Pofika 10 koloko, Oom Diergaardt, wowedza wazaka 68, anali m'chipinda chofunsira mafunso. Mkuluyu analumbirapo pagulu kuti Gariseb adzamudyetsa kwa shaki.

"Munanena kapena simunanene?" anafunsa Hengari.

"Ndinanena. Koma ndikanamupha ine, bwenzi mukumusakasaka m'madzimo. Sindine mwana."

"Pakamwa panupa, madala, mukafera kundende."

"Ndiye tsekerani. Mukudikira mvula m'chipululu muno?"

Kunena zoona, Hengari ankalakalaka wakuphayo atakhala yemweyu, chifukwa mwano wake unali wonyansa. Mabwana akenso ankafuna kuti mkuluyu akaonekere kukhoti Lachisanu. Koma funso limodzi linkamusowetsa mtendere: wowedza angaberenji fomu?

Lachinayi, 9 koloko, anafika ku ofesi ya kafukufuku ku Swakopmund. Dokotala Kotze, mayi amene ankalowetsa ziwerengero za Gariseb m'masamu kuti boma lidziwe kuchuluka kwa nsomba za kabeljou zimene zimawedzedwa pachaka, sanamupatse ndi mpando womwe.

"Mundifotokozere ngati mbuli," anatero Hengari.

"Ndikanatero ngakhale musanapemphe. Sitingawerenge aliyense tsiku lililonse. Timawerenga masiku ochepa, masamu n'kutiuza za masiku enawo. Tsiku limodzi likasowa, mwezi wonse umatsimphina."

"Ndionetseni mwezi uno."

Mayiyo anatembenuza kompyuta mokoka nkhope. Hengari anatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka mzere wotsiriza. Lachiwiri, Mile 72, 6:40, ndodo 14, nsomba 31.

"Izi mwazitenga kuti?"

"Pafomu. Nanga ndingazitenge kuti?"

"Fomu ya Lachiwiri palibe amene anabwera nayo kuno, mayi. Inachoka m'manja mwa munthu wakufa."

Hengari anaipeza fomuyo m'dirowa yachiwiri, itasungidwa bwinobwino pamodzi ndi zinzake, mchenga udakali m'mapindo. Gariseb analemba nsomba 3. Nambala 1 inali ya cholembera china.

Nthawi ya 2:15 masana, m'chipinda chofunsira mafunso chija, Kotze anaulula osagwetsa msozi.

"Zaka zisanu ndi ziwiri masamu anga akhala akunena kuti nsomba zikuchulukanso. Boma silinaletse kuwedza pagombelo chifukwa cha mawu anga. Ndinalakwitsa chaka choyamba, ndipo m'malo movomera ndinayamba kukonza manambala a Gariseb. Iye anatulukira. Amati akanena zonse kumsonkhano wa mawa."

"Ndiye munamutsata."

"Ndinapita kukamupempha. Anandiyankha kuti iye amalemba zimene waona, n'kundipatsa nkhongo. Pamchenga panali chitsulo chozikira ndodo."

"Munthu wosalakwa wagona m'chitokosi masiku awiri chifukwa cha inu. Bwanji fomuyo simunangoiwotcha?"

Mayiyo anamuyang'ana ngati watukwana.

"Kuwotcha fomu yodzaza kale? Mwezi ukanakhala ndi mpata."

Diergaardt anatulutsidwa 4 koloko. Sanathokoze, ndipo Hengari sanapepese. Atamva nkhani yonse, mkuluyo anaima pakhomo akumanga lamba wake.

"Analemba nsomba zingati kwenikweni?"

"Zitatu."

"Ndodo khumi ndi zinayi, nsomba zitatu." Anayang'ana kunyanja kwa kanthawi, nkhope itagwa. "Ndiye kuti mfiti ija inkanena zoona. Nsomba tazimaliza."