Kezia ndi Banga Lakuda Pakhoma

Kezia ndi mtsikana wamng'ono. Kwawo ndi kumapiri a ku Ntchisi.

Khirisimasi inali pafupi. Anzake a Kezia ankafuna madiresi atsopano. Ena ankafuna mpunga wa nkhuku. Kezia sankafuna diresi. Sankafunanso mpunga. Iye ankafuna mchimwene wake, Elifala.

Elifala anali wamkulu kwa Kezia. Ankamubereka powoloka mtsinje. Ankamutolera masuku m'phiri. Ankamutchula kuti Kachiwala, chifukwa Kezia sayenda bwinobwino ngati anthu ena. Iye amangodumpha.

Tsopano masuku anali atapsa. Koma Elifala panalibe.

Tsiku lililonse Kezia ankakhala pakhonde. Maso ake anali kunjira.

Nkhani yake inayamba m'chilimwe. Elifala ankafuna kusaka mbewa.

"Usayatse moto lero," anatero abambo. "Kunja kuli mphepo."

"Chabwino, abambo," anatero Elifala.

Koma anavomera ndi pakamwa pokha. Abambo atachoka, iye anayatsa udzu. Mphepo inanyamula moto. Moto unathamanga kuposa Elifala. Unafika pankhokwe. Chimanga chonse chinapsa. Kenako unanyambita khoma la nyumba.

Anthu anabwera ndi ndowa za madzi. Anazimitsa moto. Nyumba inapulumuka. Koma pakhoma panatsala banga lalikulu, lakuda bii.

Abambo anapsa mtima kwambiri.

"Choka pamaso panga!" anakalipa.

Elifala anachokadi. M'mawa mwake, mphasa yake inali yopindapinda. Mwini wake panalibe.

Mvula inayamba. Chimanga chinamera m'minda. Maso a Kezia anali kunjira.

Tsiku lina panadutsa bambo wa kabaza. Anaimitsa njinga yake pabwalo.

"Mwana wanu ndamuona ku Madisi," anauza amayi. "Akusenza matumba pamsika. Waonda."

"Simunamuuze kuti abwere?" anafunsa amayi.

"Ndinamuuza. Iye anati, 'Khoma lija ndingaliyang'ane bwanji?'"

Kezia anamva zonse. Anayang'ana khoma. Anayang'ana banga.

"Ooo, vuto ndi iweyo!" anatero. "Ukachoka, achimwene abwera."

Kezia anatunga madzi. Anatsuka banga. Banga silinachoke.

Anatenga sopo. Anatsukanso. Banga silinachoke.

Anatenga chitsononkho cha chimanga. Anakwecha, anakwecha, anakwecha. Banga linangokula. Mwaye unamudontha m'manja. Unamudontha pamphuno. Kezia anaoneka ngati watuluka m'thumba la makala.

Amayi atamuona anafuna kuseka. Koma anaona misozi yake, ndipo sanaseke.

"Amayi, silikuchoka," analira Kezia. "Ndawasowa achimwene."

"Nanenso ndamusowa, mwanawe," anatero amayi. Anamupukuta pamphuno ndi chitenje.

Lamulungu, Kezia anapita ku Sande Sukulu. Aphunzitsi awo anali mayi Eveline.

"Ana inu, Yesu anabadwiranji?" anafunsa mayi Eveline.

"Kuti tidye mpunga!" anakuwa mwana wina.

Ana onse anaseka. Mayi Eveline anasekanso.

"Mpunga ndi wokoma, sindikukana," anatero. "Koma tamverani. Mulungu akati usachite, ife timachita. Limenelo ndi tchimo. Tchimo limasiya banga mumtima. Madzi salichotsa. Sopo salichotsa."

Kezia anatchera khutu. Banga lotere ankalidziwa bwino.

"Ife tinachita manyazi," anapitiriza mayi Eveline. "Tinathawa Mulungu. Tinapita kutali. Tinkaopa kubwerera."

Kezia anakweza dzanja.

"Ndiye Mulungu anangokhala pakhonde n'kumadikira?"

"Ayi, Kezia. Sanadikire. Anabwera yekha kudzatitenga. Anabadwa kakhanda, dzina lake Yesu. Banga lathu analisenza Iye. Khirisimasi ndi imeneyo."

Kezia sanadumphe pobwerera kunyumba. Ankaganiza.

Anapeza abambo pakhonde. Ankakonza mpini wa khasu. Anali atafulatira banga, monga ankachitira masiku onse.

Kezia anagwada pafupi nawo.

"Abambo, kodi achimwene mwawasowa?"

Abambo anayang'ana kunjira.

"Ndamusowa," anatero.

"Nanga abwera liti?"

"Njira akuidziwa. Ine ndikumudikira. Koma madzi akatayika saoleka, mwanawe."

"Achimwene si madzi," anatero Kezia. "Akuopa, abambo. Ifenso tinkaopa Mulungu. Koma Mulungu sanadikire. Anabwera yekha kudzatitenga."

Abambo anasiya mpini. Amayi anali pakhomo, akumvetsera. Nkhuku zokha ndi zimene zinkayankhula.

M'mawa, Kezia anadzuka ndi phokoso. Kwee! Kwee! Kwee!

Anathamangira panja. Abambo anali pakhoma. Sanafulatire. Anali ndi kakhasu m'manja. Ankapala banga.

Kwee! Kwee! Dothi lakuda linkagwa pansi. Kwee! Kwee! Mwaye unawadetsa manja. Unawadetsa malaya. Kakhasu kanaterereka, ndipo chala chawo chinatuluka magazi. Abambo sanasiye.

Dzuwa litakwera, banga panalibe.

"Amayi, taonani!" anafuula Kezia. "Banga lonse lapita m'manja mwa abambo!"

"Ndaona, mwanawe," anatero amayi motsitsa mawu. "Amene anayatsa moto ndi wina. Amene wada manja ndi wina. Yesu anatichitira zotero."

Abambo anatulutsa njinga.

"Bambo a Elifala, sambani kaye m'manja," anatero amayi.

"Ndidzasamba pobwera," anatero abambo. "Ndachedwa kale."

Anakwera njinga. Anatsetsereka phiri. Analowera njira ya ku Madisi.

Khirisimasi inali mawa lake. Amayi a m'mudzi ankazira makonde. Ankapaka makoma dothi lokongola. Ena ankajambulapo maluwa.

Kezia ndi amayi anapita kudambo. Anakumba dothi loyera. Analikanya ndi madzi. Anapaka khoma lonse. Khoma linayera mbee.

"Tijambulepo maluwa?" anafunsa amayi.

"Ayi," anatero Kezia. "Tidindepo manja."

Anakanya dothi lofiira la katondo m'mbale. Amayi anaviika dzanja. Analidinda pakhoma. Kezia anaviika lake. Analidinda pansi pa la amayi.

Pakati anasiya malo a manja awiri.

Kenako Kezia anakwera m'phiri. Anatola masuku. Anasankha akuluakulu okha. Anawaika m'mbale. Sanadyeko ngakhale limodzi, ndipo kwa Kezia imeneyo si nkhani yaing'ono.

Masana kunagwa mvula yamphamvu. Njira inasanduka matope. Mtsinje unadzaza.

Kezia anakhala pakhonde. Maso ake anali kunjira. Kunabwera mbuzi yonyowa. Kunabwera mayi wosenza nkhuni. Abambo sanabwere tsiku limenelo.

"Amayi, nanga achimwene akakana?" anafunsa Kezia.

"Tipemphere," anatero amayi.

Kezia anatsinzina.

"Yesu, Inu mumadziwa kutenga anthu othawa. Chonde athandizeni abambo. Ameni."

Khirisimasi inafika. Belu la tchalitchi linalira. Anthu anavala zokongola. Anaimba nyimbo za Mwana wobadwa m'khola.

Kezia anakhala pafupi ndi zenera. Pakamwa pake pankaimba. Koma maso ake anali kunjira.

Mapemphero anatha. Anthu anapita kukadya. Kezia anabwerera pakhonde. Anafungatira mbale ya masuku. Mtima unkamupweteka.

Kenako anaona kanthu kumunsi kwa phiri. Inali njinga. Palibe amene anaikwera. Munthu ankaikankha m'matope.

Kezia anaimirira. Anayang'anitsitsa.

Sanali munthu mmodzi. Anali awiri!

"Amayi! Amayi! Akubwera!"

Kezia anadumpha khonde. Anadumpha chithaphwi. Anadumpha mizere ya chimanga. Anagwera pa Elifala ndi kumukumbatira.

"Kachiwala," anatero Elifala. "Wakula."

"Inu mwaonda," anatero Kezia. "Ndakusungirani masuku."

Anayenda pamodzi. Koma pafupi ndi nyumba, Elifala anaima. Anaweramitsa mutu.

"Tiyeni, achimwene."

"Sindingathe kuliyang'ana."

"Taliyang'anani kamodzi kokha."

Elifala anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anafunafuna banga. Kumanja panalibe. Kumanzere panalibe. Khoma linali loyera mbee.

"Lapita kuti?" anafunsa.

Kezia anagwira dzanja la abambo. Analitambasula. M'zikhadabo munali mudakali mwaye. Pachala panali bala.

Elifala anagwada m'matope. Analira.

"Abambo, ndinalakwa. Sindinakumvereni. Chimanga sindingachibweze."

"Ndikudziwa kuti sungachibweze," anatero abambo. "Sindinapite ku Madisi kukatenga chimanga. Ndinapita kukatenga mwana wanga. Ndakukhululukira. Nawenso undikhululukire mawu aja. Dzuka."

Amayi anafika akuthamanga. Anaimba nthungululu. Anakumbatira Elifala ndi matope ake omwe.

Kezia anabweretsa mbale ya katondo.

"Dindani," anatero. "Malo anu ndi awa."

Abambo anaviika dzanja lawo la bala. Analidinda pakhoma. Elifala anaviika lake. Abambo analigwira, ndipo analidinda pamodzi, pamalo pomwe panali banga.

Manja anakwana anayi.

Kenako abambo anasamba m'manja. Elifala ndiye anawathirira madzi.

Onse anakhala pakhonde. Anadya masuku. Mpunga panalibe. Nkhuku panalibe. Kezia anakhala pakati pa abambo ndi Elifala.

Munjira munadutsa anthu ambiri tsiku limenelo. Kezia sanaone ngakhale mmodzi.