Wotsika Wopanda Tikiti

Chinthu choyamba chimene Laston anaona chinali nyali. Pa kamgodi ka golide kunja kwa Bulawayo, m'nyengo yozizira ya 1938, ntchito yake inali kuyang'anira thabwa la matikiti pakamwa pa mgodi ndi kugawa nyali za kabaidi. Amuna otsika anali makumi awiri, nyali zinali makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ziwiri zapaderazo zinkayenera kutsala pamisomali tsiku lonse. Lolemba lina, anthu atatsika kusanache, anapeza msomali umodzi uli wopanda kanthu. Madzulo nyaliyo inali itabwerera, ikadali yofunda, kabaidi wake atatha.

Lamulo la thabwa linali losavuta. Munthu aliyense anali ndi tikiti, kachitsulo kozungulira kokhala ndi nambala yake. Potsika ankaikoloweka kumbali ya pansi, potuluka ankaisamutsira kumbali ya pamwamba ndi dzanja lake, osati la mnzake. Mzungu wophulitsa miyala sankayatsa chingwe cha dainamaiti mpaka mbali ya pansi itayera. Maina a anthu sankawadziwa, ankadziwa manambala okha. Kapitawo wa gululo, a Bernard, ndiwo anaphunzitsa Laston ntchitoyi, ndipo anamuuza kangapo kuti asamakhulupirire thabwa lokha, aziwerenganso anthu.

Koma mwezi wa June anthu ankatsika kukadali mdima, atafunda masaka kumutu, nakwera dzuwa litalowa. Nkhope sizinkaoneka. Choncho Laston anayamba kuwerenga ndi makutu. Patsogolo pa makwerero panali lata lakale, ndipo aliyense ankaliponda kamodzi. Lachiwiri anamva nsapato zolemera makumi awiri, lata likulira pansi pa iliyonse. Pakati pake panadutsa phazi lina lofewa, lopanda nsapato, limene linangolipinda latalo pang'ono ngati mphepo. Anayang'ana pathabwa. Matikiti anali makumi awiri.

Lachitatu zinachitikanso, potsika ndi pokwera pomwe.

Mu komponi, momwe antchito ankakhala, nkhani inali itayamba kale kuyenda, ngakhale Laston sanauze munthu. Ena ankati ku ngalande yachitatu ya pansi pa mgodi kumaoneka kuwala kopanda woinyamula. Ena ankati ngolo imene yasiyidwa yopanda kanthu imapezeka itadzaza miyala. Onse ankatchula dzina limodzi motsitsa mawu, la Gibson, amene denga linamugwera mwezi wa April pamalo omwewo. Katundu wake anali asanapite kwawo ku Ncheu, ndipo tikiti yake, nambala 14, inali m'kachitini ka Laston kudikira abale.

Amene ankaikonda kwambiri nkhaniyi anali Mustapha, Myao wa ku Fort Johnston, munthu wowonda amene chifuwa chinali chitamugwira kwa miyezi.

"Mukuwerenga chiyani m'mawa monse muja, achimwene?" anafunsa Mustapha tsiku lina pampopi, akutsokomola. "Milomo yanu imayenda ngati mukupemphera."

"Pali phazi limodzi loposa, Che Mustapha."

"Lisiyeni. Munthu anafa asanamalize ntchito yake, ndiye mukufuna mumufunse chitupa? Amene amawerenga oterewa sakhalitsa."

Laston anafotokozera mkazi wake Loice madzulo amenewo, mwana wawo Dorah atagona pamphasa pafupi ndi mbaula. Loice anamvetsera osasiya kusoka.

"Bambo a Dorah, anakupatsani thabwa, sanakupatseni mizimu. Mukakauza mzungu zimenezi akuchotsani ntchito, ndipo chipinda chino ndi cha kampani. Mwanayu tikamugoneka kuti m'chisanu chino?"

"Mzimu sumaliza kabaidi, mayi a Dorah."

"Nanga munauonapo mzimu inu kuti mudziwe zimene umamaliza?"

Sabata inatha, ina n'kuyamba. Phazi lija linkatsika ndi kukwera. Masiku awiri silinamveke pokwera, koma nyali inapezeka pamsomali m'mawa mwake, ndipo Laston anadziuza kuti makutu ake anaphonya chabe. Anafunsa a Bernard ngati iwo anaonapo kanthu pansipo. Mkuluyo anayang'ana kumbali nati iye amaona miyala basi.

Lachisanu madzulo mzungu uja sanakhale m'kanyumba kake monga mwa nthawi zonse. Anaima pakamwa penipeni pa mgodi, tochi ili m'manja, chifukwa ankafulumira kupita m'tauni. Anthu anakwera mmodzimmodzi, kuwala kukuwamenya kumaso. Lata linalira kamakumi awiri. Laston anadikira phazi lofewa lija, akumva mphepo ikuomba m'mitengo ya minga ndi madzi akudontha kutali pansi pa makwerero. Silinabwere. Mbali ya pansi ya thabwa inali yoyera, ndipo msomali wa nyali unali wopanda kanthu.

"Zonke phezulu?" anafunsa mzunguyo m'Chilapalapa, kutanthauza ngati onse akwera. Anali atayamba kale kumasula chingwe.

Laston anayang'ana anthu aja. Masiku onse akangokoloweka matikiti ankathamangira kumoto, koma tsikuli ambiri anangoima chapatali, masaka ali kumutu, osayankhula. Mustapha anali kumapeto, akuyang'ana chakum'mawa, kumene kunali dzenje lakale lolowera mphepo. Ngakhale kutsokomola anali atasiya.

Laston akanati anene za phazi lija, mzungu akanamuseka n'kuyatsa. Laston anaganiza za chipinda chija ndi za mwana ali pamphasa. Kenako anatembenukira thabwa ngati akuliyang'anitsitsa, natulutsa tikiti ya Gibson m'kachitini, naikoloweka kumbali ya pansi.

"Mmodzi sanakwere, bwana."

Mzunguyo anatukwana, nawalitsa tochi pathabwa, naitana nambala 14 katatu. Panalibe woyankha. Anthu aja anaona kachitsulo kakugwedezeka pamsomali ndipo ena anabwerera m'mbuyo. A Bernard anayang'ana tikitiyo, nayang'ana Laston nthawi yaitali.

Lamulo linali lakuti tikiti ikatsala pansi, munthu afunidwe mpaka apezeke. Mzungu analamula kuti atatu atsike. Palibe anasuntha.

"Ndipita ine," anatero Mustapha, mawu ake ali okanda.

Anatsika atatu, Mustapha, a Bernard ndi Laston. Pansipo mpweya unali wofunda ndi wonunkha mwala wonyowa. Anadutsa mabowo a dainamaiti atatsekedwa kale, zingwe zikulendewera. Ku ngalande yachitatu Mustapha sanaitane Gibson. Anaitana monong'ona dzina lina.

"Hamidi. Alamu. Ndine."

Kenako, chakutsogolo kumene njira imakhotera ku dzenje lakale, kunamveka mwala ukugogoda pamwala, pang'onopang'ono.

Anamupeza atagona chammbali, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, wopanda nsapato. Thabwa lovunda la makwerero a ku dzenjelo linali litathyoka pamene ankakwera, ndipo mwala unamupanikiza mwendo kuyambira pabondo. Nyali yake inali itazima. Anali atamva anzake akukwera, ndipo sanakuwe, poopa kuti mzungu amumva.

Pochotsa mwalawo Mustapha anafotokoza zonse, osayang'ana munthu kumaso. Hamidi anali mlamu wake, anathawa pa famu ina ku Nyamandhlovu kusiya chitupa komweko. Wopanda chitupa sakanalembedwa ntchito kulikonse, ndipo apolisi akanamugwira pamsewu. Mustapha naye chifuwa chinali chitamulanda mphamvu zodzazira ngolo. Choncho mmodzi ankatsika ndi tikiti, wina ndi mphamvu, ndipo gulu lonse la anthu a kwawo linkadziwa. Nkhani ya Gibson anaiyambitsa okha kuti woyang'anira thabwa asafunse zambiri. Mzungu akaima pakamwa pa mgodi, Hamidi ankatulukira ku dzenje lakale.

"Ndimayesa watuluka kale," anatero Mustapha. "Masiku ena amatuluka bwinobwino."

"Munamuona atatuluka?" anafunsa Laston.

"Ayi."

"Chingwe chikanayatsidwa, mukananena?"

Mustapha anatsokomola nthawi yaitali, napukuta pakamwa ndi saka. A Bernard, amene anali atagwira nyali, anati munthu anyamulidwe, nkhani zikakambidwe kunja.

Anamukweza ndi chingwe, mwendo ataumanga ndi malamba. Mzungu atamuona anafunsa nambala yake, ndipo atamva kuti alibe, anatuma munthu pa njinga kukaitana apolisi. Atafufuza m'buku napeza kuti mwini nambala 14 anaikidwa m'manda mwezi wa April, anauza Laston kuti m'mawa akaonekere ku ofesi ya komponi, ndipo thabwa alisiyire wina. Laston anavomera, nachotsa tikiti ija pamsomali. Mbali ya pansi inayeranso.

Akazi a mu komponi anali atafika pa mpanda wa waya, chifukwa nthawi ya kuphulika inali itadutsa popanda kumveka kanthu, ndipo iwo ankadziwa kuti zimenezo sizichitika pachabe. Loice anali pakati pawo, Dorah ali kumbuyo. Anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana munthu wachilendo amene anagonekedwa pamasaka pafupi ndi lata.

Mzungu anayatsa chingwe. Anthu onse anakhala chete monga mwa lamulo, kuwerenga kulira kwa mabowo. Nthaka inagunda pansi pa mapazi awo kasanu ndi kawiri, fumbi lofunda likutuluka pakamwa pa mgodi. Kugunda komaliza kunachokera chakum'mawa, ndipo miyala inamveka ikugumukira m'dzenje lakale kwa nthawi yaitali.

Hamidi anali atatambasula dzanja lake pansi, akumva kunjenjemerako. Zitatha anatembenuza mutu, nafunsa Mustapha motsitsa kuti kumene kwagumukako n'kuti.

"Pomwe munagona paja, alamu," anatero Mustapha.